Madobadoba sitingawathetse ndi apolisi okha

Nthawi ndi nthawi timamva kuti apolisi agwira madobadoba pa maofesi a boma. Amawakweza m'galimoto, atolankhani amajambula, mkulu wa nthambi n'kulankhula pa wailesi kuti anthu asamapereke ndalama kwa aliyense amene wangowaimitsa pachipata. Pakapita masabata awiri kapena atatu, anyamata aja amapezeka abwerera pansi pa mtengo womwe uja, envelopu ya khaki kukhwapa, bolopeni m'thumba la malaya. Ambirife timati vuto ndi katangale, ndipo katangale alipodi. Koma tikaima pamenepo tasiya muzu m'nthaka. Dobadoba amagulitsa chinthu chimene boma linayenera kupereka ulele: kudziwa khomo loyambira, fomu yoyenera, zolemba pa mzere wachitatu, ndi kumene munthu apite akachoka ku banki. Ofesi ikamabisa zimenezi, kaya mwadala kaya mosaganiza, msika wa dobadoba sungathe.

Nkhani yonseyi ndi ya kapangidwe ka zinthu za boma, kutanthauza maganizo amene amalowa m'chinthu chisanapangidwe. Adzachigwiritsa ntchito ndani? Adzafika pamalopo ali wotani, wotopa, wodwala, wobereka mwana? Chikadzawonongeka adzakonza ndani, ndipo zipangizo adzazipeza kuti? Mafunsowa ndi amodzimodzi kaya mukulemba fomu, kaya mukumanga mlatho pa Mudi, kaya mukugula mabedi a m'chipatala. Ine ndikuti boma lathu liwalembe m'kabuku kamodzi kakafupi, m'zilankhulo zathu, n'kulamula kuti ndalama ya msonkho isatuluke pa ntchito imene sinawayankhe.

Tsiku lina ndinali pamzere pa ofesi ina ya boma muno mumzinda wa Blantyre, ndipo patsogolo panga panali mayi wachikulire amene anati wachokera ku Chigumula. Mapepala ake anali m'jumbo, jumbolo atalimangirira pansonga ya chitenje. Atafika pazenera, mlembi anatenga fomu, anaiyang'ana, n'kuibweza. "Mayi, apa mwalemba molakwika. Katengeni ina, komanso fotokope ya chiphaso ikhale ya mbali zonse ziwiri." Mayiwo anatembenukira kwa ine. "Mwanangu, tandiwerengere, akufuna chiyani pamenepa?" Fomuyo inali ya Chingerezi chokhachokha, zilembo zing'onozing'ono zofufutika chifukwa chojambulidwa kambirimbiri, ndipo malo olembapo mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera anali ochepa moti dzina loti Chiradzulu silikanakwana. Zoti fotokope ikhale ya mbali ziwiri sizinalembedwe paliponse, pakhoma ayi, pa fomupo ayi. Makina a fotokope anali kutsidya kwa msewu. Pobwerako, malo awo pamzere anali atapita. Mlembi uja sanali wankhanza. Analankhula mwaulemu ndithu, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti mawu omwewo wawanena kwa anthu ambirimbiri kuyambira m'mawa. Fomu ija imazunza onse awiri, wa kunja kwa zenera ndi wa m'kati.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi atatu mwa khumi alionse sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mwa odziwawo, ambiri amawerenga Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao bwinobwino, koma Chingerezi cha m'maofesi chimawadutsa pamwamba. Kalembera yemweyo anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Onjezanipo okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala. Mudzaona kuti munthu amene boma limakhala naye m'maganizo popanga zinthu, wodziwa Chingerezi, wa miyendo yolimba, wa foni ya intaneti, wokhala ndi tsiku lathunthu loti awononge pamzere, ndi wosowa kwambiri m'dziko muno.

Maiko ena anafika poona kuti zimenezi sizingasiyidwe m'manja mwa mkulu aliyense wa nthambi kuti achite mmene mutu wake wamuuzira. Ku Britain, mu 2011 boma linakhazikitsa nthambi ya Government Digital Service, ndipo mu 2012 linatsegula tsamba limodzi la GOV.UK, limene pang'ono ndi pang'ono linalowa m'malo mwa masamba ambirimbiri a maunduna. Nthambiyo inalemba mfundo khumi za kapangidwe, mitu yake yonse yokwana pa pepala limodzi. Yoyamba imati muyambe ndi zosowa za munthu wogwiritsa ntchito, osati za boma. Ina imati thukuta alikhetse ndi opangawo kuti chinthucho chikhale chosavuta kwa anthu. Ina imati chinthu cha boma ndi cha aliyense. Olemba za pa tsambalo amalangizidwa kugwiritsa ntchito mawu amene mwana wa zaka 9 angamve. Mu 2020 bungwe lawo loona za zomangamanga zikuluzikulu, National Infrastructure Commission, linatulutsa mfundo zinayi zoyendetsera ntchito za misewu, njanji, madzi ndi magetsi, zokhudza nyengo, anthu, malo ndi phindu, ndipo linapempha kuti ntchito iliyonse yaikulu ikhale ndi munthu mmodzi pa bodi woyankha za kapangidwe.

Chimene chinapatsa mfundozi mano ndi ndalama. Nthambi ija ya Government Digital Service inapatsidwa mphamvu younika ntchito za makompyuta za maunduna ndalama zisanatuluke, ndipo ntchito yatsopano inkayenera kupambana mayeso, kusonyeza kuti anthu enieni aiyesa n'kuitha, isanaikidwe pa tsamba la boma. Phunziro limene ndikufuna titenge ndi limeneli. Zambiri za ku London sizingagwire kuno, poti anthu athu ambiri alibe intaneti. Koma pafupi pompa Kenya inatsegula malo a Huduma mu 2013, kumene munthu amapeza ntchito za nthambi zosiyanasiyana pansi pa denga limodzi. Rwanda inayambitsa Irembo mu 2015, imene imalankhula Kinyarwanda, imagwira ngakhale pa foni ya mabatani, ndipo ili ndi maejenti odziwika othandiza amene sangathe okha. A ku Rwanda anavomereza kuti anthu ambiri adzafunabe wowathandiza, ndiye wothandizayo anamubweretsa poyera.

Komatu sitiyenera kukwera ndege kuti tione kapangidwe kabwino. Mjigo umene uli m'midzi yathu, ndi m'madera ambiri a m'mphepete mwa mzinda uno, ndi umboni woti tinazichitapo kale. Mjigo wa Afridev unayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina loti Maldev, kenako unakakonzedwanso ku Kenya. Kale mjigo ukafa, anthu ankadikira galimoto ya boma yobwera ndi amakaniko ndi zida zolemera zozulira mapaipi, ndipo podikirapo ankabwerera kudambo. Amene anapanga Afridev anayamba ndi funso loti anthu a m'mudzi adzaukonza bwanji okha. Aliyense amene anaonererapo komiti ya mjigo ikugwira ntchito akudziwa zotsatira zake. Sipanala imodzi yokha imamasula chivindikiro ndi chogwirira. Ndodo zachitsulo zimangokolana, ndipo anthu awiri kapena atatu amazisolola ndi manja, imodziimodzi, n'kumazigoneka pa simenti motsatana. Mapaipi amatsala m'chitsime osakhudzidwa. Pansonga ya ndodo yomaliza pamatuluka kachipangizo kapulasitiki kokhala ndi labala yemwe watha. Amamuchotsa, amaika watsopano wogula m'sitolo, n'kubwezeretsa zonse dzuwa lisanapendeke. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu amaphunzira zimenezi m'masiku ochepa, ndipo m'makomiti ambiri amayi ndi amene amaigwira ntchitoyi mosamala.

Mbali ya boma pa nkhaniyi inali yaikulu. Linasankha mjigo umenewu kukhala wovomerezeka pa zitsime zakuya, kutanthauza kuti bungwe lililonse lobwera kudzakumba liziika womwewo. N'chifukwa chake labala wogulidwa ku Limbe amakwana pa mjigo wa ku Nsanje kapena ku Chitipa. Mijigo yakufa ilipo yambiri, sindikukana, koma kawirikawiri imafa chifukwa cha kakumbidwe kachinyengo, madzi kuphwa, kapena thumba la komiti kuuma. Tikanalola kuti bungwe lililonse libwere ndi mtundu wake, lina wa ku India, lina wa ku Sweden, bwenzi lero mudzi uliwonse ukusakasaka zipangizo zakezake. Chimene ndikupemphachi, tsono, si chachilendo kwa ife. Tinachichita pa madzi a m'midzi, n'kuiwala kuchipititsa kwina.

Chitsanzo china chili pa Ginnery Corner pompa. M'zipatala zathu muli zipinda zodzaza makina opatsidwa ndi abwenzi akunja amene anafa kalekale, ena chifukwa cha fumbi, ena chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, ena chifukwa kachipangizo kamodzi kosweka kamapezeka kutsidya kwa nyanja kokha. Makina a Pumani, othandiza makanda ovutika kupuma makamaka obadwa masiku asanakwane, anapangidwa poganizira zimenezi. Inali ntchito ya yunivesite ya Rice ya ku America pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a pachipatala cha Queen Elizabeth ndi College of Medicine, ndipo m'kati mwake anaikamo timapampu totchipa ta mtundu umene umapopera mpweya m'matanki owetera nsomba za m'nyumba. Kafukufuku wa pachipatalapo, wofalitsidwa mu 2014, anasonyeza kuti opulumuka anachoka pa 44 kufika pa 71 mwa makanda 100 alionse. Lero makinawa ali m'zipatala zambiri za boma. Opangawo anakhala m'wodi, anaona mmene namwino woyang'anira makanda ambiri usiku amagwirira ntchito, n'kupanga chinthu choti manja amenewo achithe.

Tsono tulukani m'chipatala n'kuyenda wapansi m'misewu ya ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Mbayani. Ngalande zakuya, zina zofika m'chiuno, zili yasa m'mbali mwa msewu pamalo enieni pamene woyenda pansi anayenera kuponda. Pamene anavindikira, masilabu ena anasweka, zitsulo zitatulukira kunja. Munthu wosaona woyenda ndi ndodo yoyera alibe pokhulupirira, ndipo nthawi ya mvula, madzi akadzaza, ngakhale woona sadziwa pamene msewu wathera. Maminibasi amaima paliponse chifukwa pokonza msewu sanasiye malo oimapo, kapena anawaika kumene anthu satsikirako. Timadzudzula madalaivala ndi makondakitala, nthawi zina moyenera, koma mzinda umene anthu ake ambiri amayenda pansi, pa minibasi ndi pa kabaza ukumangidwabe poganizira wa galimoto yakeyake.

Tinjira tokwerera njinga za anthu aulumali ndi timene timandipweteka mtima kwambiri, chifukwa pamenepo ndalama zinatuluka, simenti inathiridwa, koma phindu palibe. Muyezo wodziwika padziko lonse ndi woti pokwera mita imodzi, njirayo italike mamita 12. Pa nyumba zambiri za boma, masukulu ngakhale masitolo, mupeza kanjira kotsetsereka kwambiri kothiridwa pambali pa masitepe, kopaka polishi wofiira, kopanda chogwirira, nthawi zina kothera pa chitseko chimene chimakhala chokhoma. Wa pa njinga sangakwere yekha, ndipo womukankha akaterereka agwa onse awiri. Womanga analemba mu lipoti kuti nyumbayo aliyense angalowemo, woyendera anasaina. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhala ndi lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo lina latsopano linabwera mu 2024. Pa pepala ufulu wolowa m'nyumba za boma ulipo. Chikusowa ndi munthu weniweni wa pa njinga woti ayese kanjirako cheke chomaliza chisanalembedwe. Maofesi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ali mu Blantyre momwemuno, ndipo kuwaitana sikulira ngongole ya kunja. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pano wodya phulayo si amene analephera kufunsa.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anationetsa mtengo wa zimenezi m'miyoyo ya anthu. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mvula yotere ikanavulaza mzinda wina uliwonse, koma tisaikankhire zonse. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu pafupifupi 800,000 mumzinda uno, ndipo oposa theka amakhala m'malo osakonzedwa. Amakwera m'mapiri chifukwa mapuloti okhala ndi msewu ndi madzi ndi osowa komanso odula, osati chifukwa chosamva. Milatho ndi makalavati akale anayezedwa mapiri akadali ndi mitengo, madenga a malata ndi mabwalo a simenti asanachuluke. Madzi amene kale ankalowa pansi ku Ndirande lero amathamangira mu Nasolo ndi mu Mudi nthawi imodzi. Chivomezi cha ku Karonga cha mu December 2009 chitachitika, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo ndi malangizo abwino. Koma nyumba zambiri za mumzinda uno zimamangidwa ndi mmisiri wa m'dera, wolipidwa pa mzere wa njerwa, ndipo malo ake oonera malangizowo anayenera kukhala pa khoma la hadiweya pamene amagula misomali, m'Chichewa, ndi zithunzi. Langizo limene silinafike kwa wogwira tirawo nalonso ndi lopangidwa molakwika.

Za makompyuta nazo zili ndi phunziro lomwelo. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo mu February pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina ndipo akufuna dipo. Ena anatsutsa, ankati gwero lake ndi kusamvana kwa boma ndi kampani imene inaika makinawo. Mbali iliyonse imene mungakhulupirire, funso ndi lomwe lija la mjigo: chikafa adzachidzutsa ndani, ndipo makiyi ali ndi yani? Odwala ofuna thandizo kunja, ophunzira, amalonda a ku Johannesburg ndi Dar es Salaam, onse anagwira njakata. Chiphaso cha unzika nacho chinayamba bwino kwambiri, anthu oposa 9 miliyoni analembetsedwa m'miyezi yochepa mu 2017, ntchito yoyenera kuitama. Koma ziphasozo zinali ndi tsiku lotha ntchito, ndipo masikuwo atayamba kukwana mizere inabwerera, mpaka boma linachita kulengeza kuti zotha ntchito zizilandiridwabe. Tsiku limenelo linasindikizidwa pa khadi kuyambira pachiyambi. Wina anayenera kufunsa nthawi yomweyo kuti mamiliyoni a anthu adzawasinthira kuti, ndi makina angati.

Wina anena kuti malamulo tili nawo kale ambiri, ndipo akunena zoona. Malawi Bureau of Standards (MBS) ilipo kuyambira 1972. Bungwe la NCIC, loyang'anira ntchito zomangamanga, linabwera ndi lamulo la 1996. Tili ndi lamulo la mapulani a malo la 2016, ndi PPDA yoona za kagulidwe ka katundu wa boma kuchokera mu 2017. Koma taonani chimene aliyense amayang'ana. A MBS amayeza ngati simenti ndi yolimba. Oyang'anira zomangamanga amalembetsa makontirakitala m'magulu awo. A PPDA amaona ngati tenda inalengezedwa bwino ndipo opikisana anapatsidwa mwayi wofanana. Zonsezi n'zofunika. Komabe chimbudzi cha pamsika chikhoza kumangidwa ndi simenti yovomerezeka, kontirakitala wolembetsedwa, tenda yoyera, n'kukhalabe chokhoma chaka chisanathe, chifukwa ndi chogejemula pamalo pamene mpopi umauma masiku angapo pa sabata, chitseko cha amayi chinayang'ana kumene kumakhala anyamata oitanira, ndipo palibe amene anaganiza za wotsuka ndi malipiro ake. Palibe lamulo limene laphwanyidwa pamenepo. Mpata umenewu ndi umene mlozo wa kapangidwe, kabuku kakafupi kaja, uyenera kutseka.

Telala wa pakhonde ku Limbe sadula nsalu asanakuyezeni, ndipo akasoka amakuuzani kuti muyese kaye musanamalize kulipira; pakathina amamasula. Ndi zokhazo zimene ndikupempha boma. Mlozowo usapitirire masamba ochepa. Unene kuti asanajambule pulani, opanga akakhale pamalopo masiku angapo n'kulemba zimene aona: anthu amawolokera pati, amadikira nthawi yaitali bwanji, funso liti pa fomu limene ambiri amalakwitsa. Fomu iliyonse ya anthu wamba ikhale m'Chichewa ndi m'chilankhulo cha deralo, iyesedwe pa anthu enieni isanasindikizidwe, ndipo isafunsenso zimene boma likudziwa kale kudzera pa nambala ya chiphaso cha unzika. Zofunika kubweretsa, mtengo wake ndi masiku odikira zilembedwe pachipata ndi zilembo zazikulu, munthu azione asanaime pamzere. Chomanga chilichonse chikhale ndi dzina la ofesi yochisamalira, ndalama zake mu bajeti, ndi zipangizo zopezeka m'dziko muno. Makina a kompyuta ogulira boma azigwira pa foni ya mabatani, ndipo makiyi ake onse azikhala m'manja mwa Amalawi kuyambira tsiku loyamba.

Ndipo mano ake akhale pa malipiro. M'makontirakiti a zomangamanga muli kale chizolowezi chosunga gawo lina la ndalama kwa nthawi, kawirikawiri chaka, kuti pena pakang'ambika kontirakitala abwere adzakonze. Tingowonjezera kuti gawo limeneli lisatuluke popanda umboni woti ogwiritsa ntchito, kuphatikizapo aulumali, ayesa chinthucho ndipo chikugwira. Pano tisamale kuti tisamupachike kontirakitala yekha. Nthawi zambiri iye amamanga zimene wapatsidwa pa pepala, ndipo cholakwa chinayambira kwa wojambula pulani ndi kwa bwana wa ku unduna kapena ku khonsolo amene anavomereza. Choncho mayeso oyamba achitike pulani ikadali pa tebulo, ndipo wojambulayo nayenso adikire gawo lake la malipiro. Zikwangwani zimene amaimika pamalo a ntchito zimatchula kale mwini ntchito, wojambula ndi womanga. Aonjezepo nambala ya foni ndi kumene munthu angakaone pulaniyo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye palibe chifukwa choti pulani ya mlatho wa m'dera lanu ikhale chinsinsi.

Akuti zimenezi zichedwetsa chitukuko ndi kukweza mtengo. Pang'ono inde. Koma kusuntha mzere pa pepala kumalira ola limodzi la wojambula, pamene kugumula kalavati woikidwa pamalo olakwika kumalira mamiliyoni, ndipo kawirikawiri sagumulidwa n'komwe, amangokhala choncho zaka makumi awiri akusefukira m'nyumba za anthu. Phungu wofuna kudula riboni ya mlatho wa CDF, thumba la chitukuko cha m'dera lake, chisankho chisanafike sadzakondwa ndi kudikira, ndipo ameneyo ndi mmodzi mwa anthu amene mlozowu uyenera kuwaletsa. Abwenzi akunja nawo amabwera aliyense ndi mapulani ake ndi makina ake. Ofisala wachinyamata wa ku unduna amavutika kukana mphatso ngakhale akuona kuti sikhalitsa, koma atakhala ndi kabuku kosainidwa ndi boma akhoza kunena mwaulemu kuti kuno timachita chonchi, monga mmene zinakhalira ndi mjigo.

Mantha amene ndikuwamva kwambiri, ndipo ndimawalemekeza, ndi oti mlozo woterewu ungobala ofesi ina, chidindo china, khomo lina loperekerapo kenakake. Tinazionapo. Lamulo labwino limabwera, kenako pamabadwa bungwe lokhala ndi bodi, magalimoto ndi maalawansi, ndipo womanga wamng'ono wa ku Bangwe amapeza kuti mapepala achuluka koma ngalande zili chimodzimodzi. Ngati zikhala choncho, bola zisayambe. N'chifukwa chake sindikufuna bungwe latsopano. Mafunsowa alowe m'mapepala a tenda amene alipo kale, ndipo mayeso ake achitike poyera, masana, pamaso pa anthu a m'deralo, a komiti ya msika, a bungwe la aulumali, atolankhani ngati afuna. Chidindo cha m'chipinda chotseka chimagulika mosavuta. Koma mayi wa pa njinga akalephera kukwera kanjira anthu makumi asanu akuonerera, mafoni akujambula, palibe ofisala amene angasaine kuti zili bwino. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, anaika kutukula mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Tikamanga mizinda yatsopanoyo ndi kaganizidwe kamene tamangira Blantyre, tidzangochulukitsa zolakwa zomwezi m'maboma ena.

Khonsolo ya mzinda wa Blantyre siyenera kudikira Capital Hill. Ndiyo imavomereza mapulani a nyumba, imapereka ziphaso za bizinesi, imayendetsa misika ndi kusamalira misewu ya m'kati mwa mzinda. Kuchoka ku Civic Centre ku Chichiri kufika ku MUBAS, imene mpaka 2021 tinkaidziwa kuti Poly, ndi ulendo wapansi, ndipo kumeneko kuli achinyamata ophunzira zojambula nyumba ndi uinjiniya amene chaka chilichonse amasakasaka ntchito yoti achite pomaliza maphunziro. Awapatse fomu imodzi, ya chiphaso cha bizinesi, ndi siteji imodzi ya maminibasi, kaya ya Mibawa kaya ya ku Limbe. Awerenge kaye kuti mwa obwera ndi angati amabwezedwa, ndipo okwera amadutsa pati pofika pa minibasi. Asinthe, ayese pa anthu, awerengenso pakatha miyezi itatu, zotsatira zake azimate pachipata cha khonsolo. Ndipo mvula isanayambe mu November, khansala aliyense ayende m'wodi yake ndi ophunzira awiri komanso munthu mmodzi wosaona, awerenge masilabu osowa pa ngalande, mtengo wake ulowe mu bajeti ya chaka chamawa.